Collen Satumiza Zosatha

Collen Kapalamula sadziwa kukhala phee. Anthu a mumsewu wa kwawo ku Glen Norah amamudziwira pa kuyendayenda. Amatuluka m'nyumba, n'kukafika pageti, n'kubwerera, n'kupitanso, milomo ikugwedera ngati pali amene akukangana naye. Azimayi opita kumjigo ndi zigubu pawilibala anazolowera kale. Mlendo akafunsa ngati mutu wa mwamunayo ukuyenda bwino, amangomuyankha kuti, "Musiyeni uyo, ali pantchito."

Ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni. Amagwirira patebulo lakale la makina osokera. Mutu wa makinawo anauchotsa, pabowopo n'kutsekapo ndi thabwa, koma chopondera chikadali pansi. Akamaganiza, phazi limangoponda lokha, gudumu n'kumazungulira popanda chosoka. Mlongo wake wamkulu, Rebeka, yemwe amagulitsa tomato, masamba ndi mazira pageti, amadziwira pomwepo mmene zinthu zilili m'katimo. Gudumu likamayenda mwaulesi ndiye kuti kuli bwino. Likayamba kulira kwe-kwe-kwe mothamanga, sapita n'komwe kukamufunsa ngati ali ndi njala.

Tebulolo ndi la bambo ake, a Albert Kapalamula. Iwo anabwera ku Harare kalekale kuchokera ku Ntcheu. Anasoka m'fakitale ya zovala mpaka inatsekedwa, kenaka anayamba kusoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Anali ndi lamulo limodzi lomwe msewu wonse unkalidziwa: chovala sichituluka m'nyumba chisanasitidwe, ndipo mwini wake sachiona chikadali ndi ulusi wolendewera. Mayi akabwera tsiku lisanakwane kuti angosuzumira, ankamubweza pageti ndi ulemu wonse. Collen anakula akuona anthu akubwezedwa choncho, ndipo kwa iye umenewo ndiye unali ulemu wa ntchito.

Sukulu analekezera Folomu 4. Anayamba kuthandiza pakamalo ka intaneti kumashopu, kusindikizira anthu zithunzi ndi mapepala, ndipo makasitomala akachepa ankaonera mavidiyo ophunzitsa kulemba mapulogalamu. Palibe anamuphunzitsa maso ndi maso, palibenso ankaona zolakwa zake. Ankalakwa yekha pakona, n'kukonza yekha. Ntchito yake yoyamba inali tsamba la pa intaneti lolengeza msonkhano waukulu wa mpingo wina. Abusa ankabwera kudzafunsa, iye n'kumawauza kuti adikire. Tsambalo linatuluka lokongola kwambiri, koma linatuluka anthu atachotsa kale matenti.

Patapita zaka anapeza ntchito pakakampani kena kakang'ono m'tauni, komwe mkulu wake ndi Shingirai. Pulogalamu imene amapanga ndi yoitanitsira madzi. Munthu amene mpopi wake wauma amadina pafoni, ndipo dalaivala wa thanki amaona pafoni yake kumene akufunika.

Kenaka a Kapalamula anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa. Chishona ndi Chingerezi zomwe anayankhula zaka zonsezo zinawathawa, n'kutsala Chichewa cha kumudzi chokha. Akazi awo anali atamwalira kale. Rebeka ankawaphikira, kuwadyetsa ndi kuwachapira, koma pa nkhani yosamba ndi yopita kuchimbudzi bamboyo anakanitsitsa. "Mwana wanga wamkazi asandione ine chonchi. Bola ndife." Munthu wina amene anamupeza kuti aziwathandiza sanathe ndi sabata yomwe, chifukwa sankamvana chiyankhulo ndipo ankawanyamula ngati thumba la chimanga. Tsiku lina Collen ali m'tauni, bamboyo anadzigwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osalawa ngakhale madzi. Collen atakafotokoza kuntchito, Shingirai anamulola kuti azigwirira kunyumba. Pakampani ponsepo mwayi umenewo anaupatsa iye yekha.

Kukampaniko kuli kagwiridwe kake ka ntchito. M'mawa uliwonse amakumana mwachidule, ali chiimire, Collen akumvetsera pafoni. Aliyense amanena zimene wachita dzulo, zimene achite lero, ndi pamene zamukanika. Ndiye pali malo amodzi pa intaneti pomwe pulogalamu yonse imakhala, omwe Collen akamafotokozera Rebeka amangoti nkhokwe. Aliyense amayenera kutumizako zimene walemba tsiku limenelo, kaya n'zochepa bwanji, n'kukokanso zimene anzake atumiza, kuti onse azimanga pa chinthu chimodzi. Zimene watumizazo mnzako amaziwerenga n'kulembapo maganizo ake.

Apa m'pamene zinkamuvuta Collen. Atangoyamba kumene anatumiza kantchito kosatha, ndipo Nyarai, mtsikana wa ku Hatcliffe amene amakhala pafupi ndi zenera muofesimo, analembapo ndemanga mzere ndi mzere. "Apa ukutanthauza chiyani?" "Izi wazilemba kawiri." Pamapeto anaikapo kankhope koseka. Nyarai sankatanthauza choipa. Amatero ndi aliyense, ndi Shingirai yemwe. Koma Collen anamva ngati amutsegulira chitseko akusamba. Kuyambira pamenepo ankatumiza zokhazo zimene zatha, zosalala, zoti munthu asapeze pogwira. Ndipo zoterozo sizibwera msanga.

Atasamukira kunyumba anamupatsa gawo lalikulu, lokonza ulendo wa dalaivala, kuti thanki ikadzaza idziwe nyumba yoyambira, yotsatira, mpaka yomaliza, osangozungulira n'kumatha mafuta. Collen anaikonda ntchitoyo. Anaimanga pa mayina a misewu ndi manambala a nyumba, monga mmene pulogalamu inalili tsiku limene anayamba. Masabata anadutsa. Kunkhokwe sanatumizeko kanthu, ndipo sanakokenso kanthu, poopa kuti za anzake zingasokoneze zake zisanaime bwino. Msonkhano wa m'mawa unkagwera nthawi imene madzi osamba a bambo ake afunda. Foni ankaiika pazenera la kubafa, manja ali ndi sopo, ndipo akamva dzina lake ankadina ndi kachala kakang'ono n'kunena kuti, "Ndatsala pang'ono." Nyarai anafika pomutcha Mukoma Ndatsala Pang'ono, poti mukoma m'Chishona ndi achimwene.

Lolemba lina msonkhano utatha, Shingirai anamuimbira payekha. Ankayankhula Chishona, modekha monga mwa nthawi zonse.

"Collen, mudhara ali bwanji, bambo akowo?"

"Aliko, mukoma. Dzulo adya bwino."

"Chabwino. Tamvera. Ine sindikukayika kuti ukugwira ntchito. Koma sindikuiona. Anzako akundifunsa kuti bwanji iwo amalawirira kukalimbirana malo m'kombi pomwe wina ali kunyumba, ndipo kunkhokwe dzina lake silioneka. Ndiwayankhe chiyani?"

"Ndatsa..." Collen anadzigwira pakamwa.

"Eya, watsala pang'ono. Lachisanu ubwere nayo, ilumikizidwe ndi ya anzako, tiione ikuyenda. Zikakanika, mpando wako ukadalipo kuno. Uzibwera tsiku ndi tsiku ngati wina aliyense. Sindikufuna kutero, koma nditero."

Collen anaponya foni pabedi n'kutuluka. Pageti, pakhomo, pageti, pakhomo. Rebeka ankaunjika tomato patebulo lake.

"Iwe, ukundiopsezera makasitomala. Chavuta n'chiyani?"

Anamufotokozera.

"Ndiye tumiza! Si uli nazo m'laputopumo?"

"Sizinathe, sisi."

"Kodi ndi diresi laukwati? Tumiza zomwezo, aone kuti sukugona."

"Simungamvetse."

"Chimene ndikumvetsa ine n'choti ukamapita kutauni tsiku ndi tsiku, munthu ali m'katimo adzafa ndi mkodzo m'mimba. Ine sandilola ngakhale kuwagwira lamba." Anatembenukira kwa mayi amene ankasuzumira mazira. "Sankhani nokha, amayi, akuluakulu ali kumbuyoko."

Sabata imeneyo gudumu silinapume. Magetsi ku Glen Norah ankabwera anthu atagona n'kuchoka kusanache, choncho usana wonse Collen ankadalira batire la laputopu ndi kasola kamene kali padenga. Ankachepetsa kuwala kwa sikirini mpaka kumawerenga mphuno ili pafupi. Akangoti ganizo waligwira, m'chipinda munkamveka mawu: "Kolini!" Ankathamanga, kuwatembenuza bambo ake, kuwapatsa madzi, kuwasunthira pamene pali kadzuwa. Pobwerera ankapeza ganizo lija litathawa, n'kuyambanso kuwerenga kuchokera pamwamba.

Kunena zoona, pofika Lachitatu ntchito inali itayenda. Anaiyesa ndi misewu ya Glen Norah ndi Highfield, kathanki kongoyerekeza n'kumayenda bwinobwino pasikirini, nyumba ndi nyumba. Tsiku limenelo Nyarai anamutumizira uthenga: "Ndamva za Lachisanu. Tumiza zimene uli nazo ndizione, ndili ndi mpata." Chala cha Collen chinafika pa batani lotumizira. Kenaka anaona malo ena pomwe mizere inali yopiringizika, n'kumuona Nyarai m'maganizo akuwerenga, chala chili pachibwano. Anachotsa dzanja.

A Kapalamula anali pampando wawo pafupi ndi chitseko, akuothera dzuwa, maso ali pa phazi la mwana wawo.

"Ukusoka chiyani popanda singano?"

"Njira ya galimoto ya madzi, Bambo."

"Yatha?"

"Yatsala pena ndi pena. Akufuna aione."

"Iih. Usawaonetse. Akaona yosatha, ndi imeneyo adzaikumbukira."

Collen anamuyankha Nyarai kuti asadandaule, aiona Lachisanu. Anagwetsa gawo lopiringizika lija n'kulilembanso lonse. Lachinayi anasintha mayina a tizigawo tonse kuti tizimveka bwino. Ganizo lokoka za anzake linamufikira kangapo. Nthawi zonse ankati akoka akamaliza ichi, ndipo ichicho chinkabala china.

Lachisanu anawasambitsa bambo ake m'mamawa, anawamwetsa mapiritsi awo, n'kuwakhazika pampando m'chipinda.

"Ndikupita kutauni, Bambo. Ndibwera nkhomaliro isanakwane."

"Tiyi sindimwa."

"Imwani pang'ono chabe."

"Ndati sindimwa. Pita."

M'kombi, minibasi yopita kutauni, anakhala chikwama atachikumbatira pachifuwa, bondo likugunda mpando wakutsogolo, mpaka mayi amene anakhalapo anacheuka.

"Mwanangu, muli ndi injini m'mwendomo? Ipatseni kombiyi, mwina tingafike msanga."

Anthu anaseka. Collen anagwira bondo ndi manja awiri, koma pofika pamaloboti linali litayambanso.

Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, chipinda chimodzi cha matebulo ndi sikirini yaikulu pakhoma. Nyarai anamulandira ndi kuwomba m'manja.

"Hee, alendo! Mukoma Ndatsala Pang'ono abwera ndi thupi lomwe! Wina atseke chitseko, angathawe."

Collen anamwetulira mokakamiza. Analumikiza laputopu ku sikirini yaikulu monga Shingirai anamuuzira, n'kukoka za anzake koyamba m'masabata onsewo. Zinatsika, kutsika, kutsika, osafuna kutha. Kenaka anauza kompyuta kuti iphatikize zake ndi zawo.

Sikirini inati psuu. Fayilo iliyonse imene anaigwirapo inkatsutsana ndi ya anzake. Anatsika m'munsi, kufiira kokhakokha.

Nyarai anaimirira n'kuyandikira khoma. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Collen, misewu iyi ukuitenga kuti? Mayina a misewu tinachotsa kalekale."

"Munachotsa?"

"Madalaivala ankasochera. Ku Dzivarasekwa Extension ndi kwathu ku Hatcliffe, kunyumba zatsopanozi, misewu yambiri ilibe mayina. Munthu amalemba kuti kuseri kwa tchalitchi cha tenti, dalaivala n'kuzungulira ndi madzi tsiku lonse, poti matchalitchi a tenti alipo mbwee. Pano kasitomala amangobaya kadontho pamapu, pamene pali nyumba yake. Ndinanena pamsonkhano. Ndinakufunsanso iweyo ngati sizikusokonezera, unati zili bwino."

Collen anayesa kukumbukira, osapeza kanthu. Mwina tsiku limenelo anali atawagwira bambo ake m'khwapa, madzi akukhuthukira pansi.

"Ndipita nayo," anatero, dzanja lili kale pachingwe. "Ndikonza Loweruka ndi Lamlungu. Lolemba ikhala itatha."

"Ayi," anatero Shingirai osadzuka pampando. "Kupita nayoko n'kumene kwatifikitsa pano. Khala pompo. Nyarai, koka mpando. Kiyibodi imodzi, anthu awiri. Ndikufuna kuona thanki ikuyenda pa madontho lero, ngakhale iyende motsimphina."

Anakhala moyandikana. Nyarai ankawerenga ntchito ya Collen pasikirini yaikulu, mokweza, aliyense akumva.

"Maiwe, taonani kusalala kwake," anatero Nyarai. "Koma ndi za mzinda umene tinasamukamo. Ndifufute?"

"Dikira."

"Chigawo ichi chimagwira ntchito yanji?"

"Chimasanja nyumba za mumsewu umodzi."

"Misewu tilibe. Ndifufute?"

"Fufuta."

Zimene anazilemba kawiri Lachitatu lija zinapita ndi kudina kumodzi. Anapita pa china, nachonso chinapita. Phazi la Collen linkafufuza chopondera pansi pa tebulo, osachipeza. Koma atafika pa kagawo kowerengera madzi otsala m'thanki, kuti dalaivala asatumizidwe kunyumba ina alibe kanthu, Nyarai anachotsa manja pakiyibodi.

"Ichi tilibe. Sabata yatha dalaivala wina anafika ku Kuwadzana alibe ndi dontho lomwe, mayi wa panyumbapo anamuthamangitsa ndi tsache. Ichi chinali m'laputopu mwako nthawi yonseyi?"

"Sichinali chitatha."

"Tenga kiyibodi. Chilumikize ndiwe."

Kulemba munthu akukuyang'ana kunali ngati kudya pamaso pa apongozi. Zala zinkaphonya zilembo. Nyarai ankati "apo, apo" iye asanamalize mzere. Anakangana pa mtunda wa pakati pa madontho, Nyarai akujambula mumpweya ndi cholembera, Collen akukana, mpaka anayesa njira zonse ziwiri n'kupeza kuti ya Collen ndiyo yolondola. Pa china yolondola inali ya Nyarai. Cholakwa chimene kunyumba chikanamuzungulitsa bwalo mpaka madzulo, pano chinkagwidwa chisanakhazikike. Izi Collen anaziona, ndipo sizinamusangalatse kwenikweni.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Rebeka: "Mapiritsi aja ayamba. Akufunsa kuti uli pati." Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene bambo ake amamwa amakodzetsa, munthu amwe tiyi kapena asamwe. Nkhomaliro inali itadutsa kale. Anayankha kuti akubwera. Patapita kanthawi foni inanjenjemeranso. "Ndati ndingowamasulira lamba ndituluke. Andithamangitsa."

Collen anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Kathanki pasikirini kanali kakuyenda tsopano, koma mopusa. Kankangopita pa dontho limene lili pafupi, kenaka lina lapafupi, nthawi zina n'kubwerera kumene kachokera. Mizere inali yosasanja, mayina ena ongoikapo. Mayeso ena amene kompyuta imayesa yokha ankalepherabe.

"Ndipatseni kanthawi ndisalaze," anatero, maso ali pachitseko.

Nyarai anali ataiona foni ija. Anatsitsa mawu. "Sankha chimodzi, Collen. Kusalaza kapena kombi."

Pamalo pamene munthu amafotokoza zimene akutumiza, Collen analemba kuti: "Sizinathe. Thanki ikuyenda koma ikuzungulira." Anadina. Dzina lake linatulukira pamwamba pa nkhokwe, pasikirini yaikulu, limodzi ndi mawu amenewo. Anadikira kuti amve kuseka. Palibe anaseka. Wina kumbuyoko anali atayamba kale kuzikoka kuti aziyese pafoni yake.

Shingirai anamuperekeza mpaka pamasitepe.

"Si zimene tinagwirizana," anatero. "Yayenda, inde, koma yayenda chifukwa wakhala pano ndi Nyarai. Ndiye tichite chonchi. Lachiwiri ndi Lachinayi uzibwera, muzikhala awiri pakiyibodi. Masiku enawo khala ndi mudhara, koma dzuwa lisanapendeke ndizipeza kanthu kako kunkhokwe, kaya n'konyansa bwanji. Ndikadzapeza kulibe, sitidzakambirananso."

"Mukoma, nanga masiku awiriwo adzawathandiza ndani?"

"Sindikudziwa, Collen. Zimenezo sindingakulembere pulogalamu. Thamanga."

Kombi imene anaipeza pamalo okwerera inali ndi anthu ochepa, ndipo kondakitala sankafuna kunyamuka mpaka idzaze. Collen anatsika, anakwera ina, nayonso inangoima osanyamuka. Anabwerera ku yoyamba ija, anapeza yapita. Anafika ku Glen Norah dzuwa litapendeka.

Rebeka anali atafunditsa katundu wake ndi chiguduli n'kukhala pakhonde, wailesi ili pamwendo, ataikweza mpaka kumapeto. Sanamuyang'ane.

"Ndakweza dala," anatero. "Adziwe kuti sindinamve kanthu."

Collen analowa n'kutseka chitseko. Anali atachedwa. A Kapalamula anali pampando pomwe anawasiya, nkhope atalozetsa kukhoma. Collen anaika chikwama pansi. Anatenthetsa madzi pagasi, anawasambitsa, anawaveka zina, anakolopa pansi. Akuwamanga mabatani a malaya m'pamene anawauza za Lachiwiri ndi Lachinayi.

"Ndiye ine?"

"Sisi Rebeka atha..."

"Usayambe."

Loweruka m'mawa Collen sanatsegule laputopu. Anasesa bwalo losesedwa kale, anamanganso waya wa zovala umene sunali womasuka, kenaka anatsetsereka mumsewu. Anapita kwa a Yosiya Sakala, mkulu wina wochokera ku Katete ku Zambia, amene anaphika m'nyumba za mabwana mpaka anapuma, ndipo amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Chidwalire a Kapalamula, awiriwa anali asanaonane, chifukwa wodwalayo ankabweza alendo onse. Collen anawapeza a Yosiya akuthirira repu ndi madzi otsukira mbale. Ananjuta pambali pawo n'kufotokoza zonse, mawu akumuthawa, Chichewa chikusakanikirana ndi Chishona.

"Albert akukana kugwiridwa?" A Yosiya anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu amene anandiyeza m'chiuno zaka zonsezi, n'kumalengeza pabwalo la tchalitchi kuti mimba yanga ikutha nsalu? Tiye."

Atalowa m'chipinda sanapepese n'komwe za matenda.

"Iwe Mngoni wa ku Ntcheu, ndamva wasanduka bwana, ukusankha okunyamula."

A Kapalamula anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wakutuma ndani? Iwe ungandinyamule ine? Msana wako unathera pamapoto a azungu."

"Ndinkanyamula nkhumba yathunthu pa Khirisimasi. Ndingalephere telala wouma ngati iwe?"

"Choka."

"Ndichoka. Koma Lachiwiri ndibwera. Ukafuna kundibweza, udzadzuke wekha udzatseke geti."

Mbali ya kukamwa kwa a Kapalamula imene imayendabe inagwedezeka pang'ono. Sanavomere, koma sanakanenso.

Lolemba Collen anatumiza kunkhokwe tinthu ting'onoting'ono. Nyarai anayankha ndi ndemanga zake, mzere ndi mzere, monga kale. Collen anaziwerenga ataimirira, anapita kukamwa madzi amene sankawafuna, n'kubwera kudzakonza.

Lachiwiri a Yosiya anafika atavala jekete la kwaya, bawo ili m'khwapa. Collen anawaonetsa pogwira: dzanja ili kumsana, bondo lanu litsekereze bondo lofookalo, mkono osaukoka. Anawaonetsanso. Atafuna kuyambiranso, a Yosiya anamugwira phewa n'kumulozera chitseko.

"Ukufuna undipatse satifiketi? Pita kuntchito."

Muofesi anakhala pambali pa Nyarai, foni ataiika pafupi ndi kiyibodi. Ankayang'ana sikirini, n'kuyang'ana foni, n'kuyang'ananso sikirini. Nyarai akafunsa kanthu ankayankha zina. Dzuwa litakwera foni inanjenjemera, iye n'kuitola isanamalize. Anali Rebeka.

"Apita kuchimbudzi. Atukwanizana njira yonse, kupita ndi kubwera, koma apita. Pano akukangana kuti wabera bawo ndani."

Collen anauwerenga uthengawo mpaka kumapeto, n'kuuyambanso.

"Collen, maso kuno," anatero Nyarai, akumukankhira kiyibodi. "Thanki yako yalowa m'dambo pamapupa."

Anatembenuza foni chafufumimba, n'kukokera mpando pafupi.